Ulendo Wokajambula Nang'omba ku Tete

Uthenga unandipeza Lachitatu masana ndikujambula mayi wina chithunzi cha pachiphaso m'kasitudiyo kanga ku Lunzu. Unachokera kwa Zeferino, mnzathu wa ku Tete, amene pondiitana amati mano, kutanthauza m'bale m'Chipwitikizi. "Mano, Nang'omba ikuuluka Loweruka nthawi ya oito, eyiti koloko mmawa. Ndi komaliza. Aigulitsa kummwera, akukaitsekera m'nyumba yoonetsera zinthu zakale. Mukazengereza mudzaionera kumaloto."

Mayi uja ndinamujambula atatsinzina, ndipo sindinazindikire mpaka atadandaula.

Tilipo anthu osakwana makumi awiri, ena kuno kwathu, ena ku Mozambique ndi ku Zambia, odwala nthenda imodzi. Timasaka ndege zakale, zija zotera pafumbi m'tchire, n'kumazijambula. Tili ndi gulu pafoni lomwe timatsinirana khutu kuti yakuti yaoneka kwakuti. Anzathu amafera mpira, ena amaweta nkhunda. Ife timatha tsiku lathunthu padzuwa kunja kwa waya, kudikira chitsulo chokalamba chomwe mwina sichibwera n'komwe.

Pa ndege zonse zomwe tinkasaka, Nang'omba ndiyo inkatidya mtima. Ndi chindege cha mapiko osanjikizana, ena pamwamba ena pansi, okutidwa ndi nsalu yolimba osati malata. Injini ndi imodzi, yaikulu ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo kumchira kuli katayala kamodzi, kotero ikaima imayang'ana kumwamba ngati munthu wodzimva. Dzinalo anaipatsa ndi a Kachingwe, mdala amene anagwira ntchito yokonza ndege zing'onozing'ono ku Chileka mpaka maso atayamba kuwavuta. Amati ikamalira patali imamveka ngati mbalame ya nang'omba. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique inkatera ku Chileka kudzathira mafuta itanyamula chimanga ndi mankhwala, ndipo iwo anaisinthapo mapulagi kawiri ndi manja awo. Chibwerere mtendere sanaionenso. Ine ndinali ndisanaionepo ndi kamodzi komwe.

Nditawaimbira sanandilole ndimalize kulankhula. "A Lameki, Lachisanu sikisi koloko ndili pakhomo panu."

Akazi anga anali atamva kwa amalonda anzawo kuti masiku amenewo mitima ya anthu tsidya ilo sinali m'malo, kanthu kakang'ono msewu watsekedwa. Anandilongedzera zovala, kenako pondipatsa chikwama anati, "Abambo, ndege si m'bale wanu." Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Pasiteji ya Lunzu panali maminibasi awiri opita ku Mwanza, ndipo oitanira ake anatiwona nthawi imodzi. Wina anagwira chikwama changa cha kamera, wina thumba la miyendo itatu yoimikira kamera, n'kuyamba kukoka uyu kwake uyu kwake, ine pakati. Ndisanatsegule pakamwa chibakera chinali chitadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukagwa pamphuno pa mnzakeyo. Womenyedwayo anatola botolo n'kuliphwanyira pamutu pa womenyayo. Magazi anadonthera pansapato za a Kachingwe, zomwe anazipolisha dala chifukwa cha ulendowu. Tinakwera ya amene anatsala chiimire. Mdalayo anapukuta nsapato ndi pepala mpaka tinadutsa Lirangwe.

Pa Zalewa tinakhala ola lathunthu. Anthu asanu anatsikira pamenepo, ndipo dalaivala analumbira kuti sanyamuka ndi mipando yopanda anthu. Tinagula chimanga chootcha pawindo. Bambo wina anakwera ndi mbuzi yomanga miyendo, n'kuilowetsa pansi pa mpando wanga, ndipo inanditafuna lamba wa chikwama mpaka ku Mwanza.

Pachipata tinafika cha m'ma teni. Mathiraki anali atandanda mtunda wautali, madalaivala atagona pamakatoni pansi pa matayala. Chidindo sichinavute. Chinavuta ndi thumba la miyendo itatu lija. Woyang'ana katundu analitsegula, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Bambo, iyi ndi mfuti ya mtundu wanji?"

Ndinaitambasula pamaso pake, n'kuikapo kamera. Anafunsa chomwe tikukajambula ku Tete. Nditati ndege yakale, anaitana mnzake kuti adzamve yekha. Anatibweza katundu akupukusa mutu, ngati anthu amene aona odwala awiri atathawa kuchipatala.

Kuchoka pachipata cha Mwanza kukafika cha Zobwe pali kamtunda, ndiye tinakwera njinga zamoto. Tsidya linalo ndinasintha makwacha kukhala mametikali kwa osintha ndalama apamsewu, n'kugulanso khadi ya foni ya kumeneko. Ndinatumizira Zeferino nambala yatsopanoyo. Anayankha kuti atidikira pa Matundo, pomwe magalimoto ochokera ku Zobwe amatsitsira anthu asanawoloke Zambezi.

Minibasi kumeneko amati shapa, dalaivala amati motorisita. Shapa yathu inali ndi kangolo kumbuyo, ndipo sinkanyamuka mpaka mzere uliwonse utakhala anthu anayi ndi wachisanu wopachikika. Tinadikira maola awiri, malata akutentha pamutu. Pambali panga panakhala mayi wathupi, dzina lake Nachisale, wa ku Tsangano mbali ya kwathu kuno, amene amapita ku Tete sabata ndi sabata ndi matumba a mbatatesi. Chinyungwe ndi Chipwitikizi zinkamutuluka ngati madzi. Anayang'ana zikwama zathu kanthawi, kenako anafunsa.

"Abambo inu ndinu atolankhani?"

"Ayi mayi, tikukajambula ndege," anayankha a Kachingwe.

"Mukwere?"

"Ayi, kungoiona."

"Akulipirani?"

"Ayi."

Anaomba m'manja kamodzi. "Amuna inu Mulungu anakupatsani nthawi yambiri!" Shapa yonse inaseka, ngakhale amene sanamve bwino.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Msewu umatsika kuchoka kumapiri, ndipo ukamatsika mphepo yozizira ija imatsalira m'mbuyo. Mitengo imasanduka milambe ndi minga, mpweya wolowa pawindo umakhala ngati wochokera mu uvuni. Titangodutsa mphambano ya Musakama tayala lakumbuyo linaphulika, kangolo n'kutikokera cham'mbali mpaka motorisita anaimitsa pamphepete pa chigwembe. Tayala lapadera linalibe mpweya. Kondakitala analinyamula pamutu n'kukwera njinga yamoto kubwerera ku Musakama, ife tinakakhala pansi pa mlambe wopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Pamenepo a Kachingwe anatola kamtengo n'kuyamba kujambula injini ya Nang'omba pafumbi. Masilinda asanu ndi anayi, atazungulira ngati amuna pabawo. Anafotokozera Nachisale kuti ndegeyi ikagona, oyilo amatsikira m'masilinda apansi, ndiye musanailize muyenera kuzunguza pulopela ndi manja kangapo, apo ayi injini imathyoka m'kati. Mayiyo ankamvetsera akusenda nthochi. Mwadzidzidzi mdalayo anakweza chala.

"Tamverani."

Ine ndinali nditamva kale. Kutali chakumpoto kunkalira kandege. Tonse awiri tinadzuka n'kutulukira padzuwa, manja pamphumi.

"Injini imodzi, mapiko apamwamba," ndinatero.

"Masilinda asanu ndi limodzi. Ndi yonyamula anthu a kumigodi iyo, si yakale kwenikweni," anatero iwo, tisanaione n'komwe. Itatulukira, kadontho koyera, zinali choncho ndithu. Ndinaijambula kawiri ndi lenzi yaitali. Titacheuka tinapeza anthu onse pansi pa mlambe akutiyang'ana, pakamwa pali yasa.

Tayala linabwera patatha ola ndi theka. Imeneyo inali nthawi yomaliza kuseka pa ulendowu.

Titatsala pang'ono kulowa m'Moatize, cha m'ma folo koloko, tinaona utsi wakuda kutsogolo. Magalimoto anali ataima, ena akuyesa kutembenuka. Motorisita wathu asanaganize zobwerera, lole ina inatitseka kumbuyo. Mayi wina amene ankathawa atabereka mwana anatiuza pawindo kuti thiraki yagunda njinga yamoto pamphambano, yapha woyendetsa ndi mtsikana wasukulu amene anamukweza. Matupi anali akadali pamsewu, atafunditsidwa zitenje. Anthu anali atatseka msewu ndi miyala ndi matayala oyaka.

Thirakiyo inali pafupi, mtunda woponya mwala kuchoka pomwe tinaima. Nambala yake inali ya kwathu. Dalaivala anali atadzitsekera m'kati, miyala ikugwa pagalasi ngati matalala. Galasi litatha, wina anakwera ndi chitsulo chomasulira matayala n'kuthyola chitseko. Anamukoka miyendo. Mutu wake unagunda sitepe iliyonse mpaka pansi.

Sindikumbukira kutsika shapa. Zaka makumi atatu zojambula maukwati, maliro ndi ndege zinaphunzitsa dzanja langa kupita lokha kuchikwama chinthu chikamachitika. Ndinangozindikira ndaima pa phula, kamera ili kumaso. Lenzi yaitali ija, yomwe ndinaigulira kukoka ndege kumwamba, inandikokera nkhope ya munthuyo pafupi ngati ndingaigwire. Anali wachinyamata, wa tindevu tochepa, shati yabuluu. Ankatchinga mutu ndi mkono uku akufuula m'Chichewa chathu chomwechi.

"Mabuleki anakana! Abale anga, mabuleki!"

Thabwa linagwa pa mkonowo, ndipo ndinaona ukupindika pomwe palibe chigongono. Ndinadina katatu.

"Uyo ali kufilimari! Ngwapolisiya!"

Sindinafunike womasulira. Ankati ndikuwajambula kuti ndikawapereke kupolisi. Gulu linang'ambika pakati, theka n'kubwera kwa ine. Chibakera choyamba chinandipeza pakamwa, ndinagwa chagada kamera nditaikumbatira. Nsapato zinalowa m'nthiti, kumsana, m'mimba. Pamwamba panga panaima mwamuna wovula shati, chikwanje m'manja, maso ofiira ngati wadya tsabola. Pambuyo pake ndinamva kuti anali mkulu wake wa wanjinga wophedwayo.

Kenako panadutsa mthunzi. A Kachingwe anali atatsika, n'kundiima pamwamba miyendo tang'a, manja atatambasula.

"Lekani, ana anga! Munthu uyu ndi wojambula ndege! Ndege basi!"

Chibenthu cha njerwa chinawapeza pamwamba pa diso lamanzere. Chinamveka ngati dzungu losweka. Anandigwera, magazi awo otentha n'kundilowa m'khosi mwa shati.

Amene anatipulumutsa ndi Nachisale. Anatuluka m'shapa akumanga chitenje m'chiuno, akulalata m'Chinyungwe mawu amene sindinawamve koma anaimitsa nsapato zija. Anandizula kamera m'manja n'kuikankhira kumaso kwa wachikwanje uja.

"Yatsani, muwaonetse!" anandikalipira.

Ndinayatsa n'kuyambira kumayambiriro. Ndege ya ku Chileka. Ndege ya kuminda ya nzimbe. Ndege yofera m'udzu ku Zomba. Ndege, ndege, ndege. Anthu anaunjikana kusuzumira, wina mpaka anaseka. Wachikwanjeyo anandichotsa chala n'kumadina yekha, mofulumira, mpaka anafika pa kadontho koyera ka ku Musakama kaja. Anadinanso kamodzi. Anadziona yekha, thabwa lili m'mwamba.

Anagwira kamera kulenzi n'kuimenyetsa pa phula kawiri, magalasi n'kumwazika, kenako anaiponya pa tayala loyaka. Anandiyang'ana, chikwanje chili m'dzanja. Nachisale anaima pakati pathu, chifuwa chake chitatsala pang'ono kukhudza mpeniwo, n'kunena mawu ochepa motsitsa. Munthuyo anatembenuka n'kubwerera kuthiraki. Nditamufunsa pambuyo pake chomwe anamuuza, anati, "Ndinati mng'ono wako wagona apo yekha, iwe ukulimbana ndi nkhalamba."

Kuthiraki kunali kutathiridwa petulo. Mutu wa thirakiyo unayaka ndi mkokomo, kutentha n'kutimenya kumaso. Awiri ankagubuduza tayala kulunjika pomwe dalaivala anagona. Pomwepo mfuti zinalira kumbali ya tauni, kenako zitini za utsi wokhetsa misozi zinagwa pakati pa anthu. Aliyense anathawira komwe wayang'ana. Ndinaona gogo wina wogulitsa masau atagwetsedwa, anthu n'kumuponda pamsana, masau ali mbwee. Ine ndi kondakitala tinakokera a Kachingwe m'shapa, maso akuwotcha, mamina ali chuchuchu. Motorisita analowetsa galimoto m'ngalande n'kutulukira tsidya lina, kangolo n'kuduka kutsala pomwepo ndi mbatatesi zonse za Nachisale. Mayiyo sanacheuke n'komwe. Anali atavula duku n'kulipanikiza pachilonda cha mdala uja.

Tinazungulira m'tinjira ta m'makomo, galasi lakumbuyo litasweka, mpaka tinakatulukira pafupi ndi mlatho wa Revubwe. Posakhalitsa tinafika pa Matundo.

Zeferino tinali tisanaonanepo naye maso ndi maso, zaka zonsezi tinkangolemberana pafoni. Ndi munthu wamfupi wonenepa, ali ndi shopu ya zipangizo za njinga zamoto ku Matema. Anabadwira ku Angonia koma anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Neno, ndiye Chichewa chake ndi chathu, kupatula manambala ndi nthawi zomwe amatchula m'Chipwitikizi. Anabwera akumwetulira manja ali m'mwamba, koma ataona shati yanga kumwetulirako kunazima.

"Mano! A tiyu Kachingwe atani?"

Tinatsanzikana ndi Nachisale mwachangu, iye akuyang'ana kale galimoto yobwerera kukaona ngati patsala thumba ngakhale limodzi. Sindinamufunse n'komwe nambala yake. Tinakweza a Kachingwe m'pikapu yakale ya Zeferino n'kuwoloka Zambezi. Mtsinje umene ndinkaufuna kuuona kuyambira ndili mwana ndinauona ndi diso limodzi, linalo lili pa mdala amene ankapuma mobanika pamwendo panga.

Kuchipatala anawasoka malo asanu ndi awiri. Diso lamanzere linatupa n'kutsekeka. Namwino atamaliza, iwo anatseka ndi kutsegula lamanja kangapo.

"Ili likuona, eti? Basi, likwana."

Tikutuluka, pakhomo panaima galimoto, anthu n'kutsitsa munthu pamachira. Nkhope sinkazindikirika, koma shati yabuluu ndinaidziwa. Anamugoneka pakhonde podikira dokotala. Miyendo yanga inandifikitsa pomwepo ndisanaganize. Ndinagwada.

"Achimwene, ndine wa kwathu. Wa ku Lunzu."

Diso limodzi linatseguka. Milomo inali itang'ambika, mawu ankatuluka ndi thovu lofiira. Anati dzina lake ndi Maliko, wa pa Mwanza boma. Foni yake inapsera m'thiraki. Anatchula nambala ya mkazi wake pang'onopang'ono, kawiri, ine ndikulemba.

"Amake Tadala. Muwauze." Anapuma. "Mwana uja... wasukulu uja. Ali moyo?"

Ndinayang'ana pansi. "Musalankhule kwambiri, achimwene."

Anatseka diso. Sanafunsenso. Sanadziwe kuti ndine amene ndinaima chapatali ndi kamera pamene ankamuthyola mkono, ndipo ine sindinamuuze.

Ndinaimba ndili panja. Mayiyo anayankha ana akusokosera kumbuyo. Ndinamuuza kuti amuna ake achita ngozi, avulala, ali m'chipatala ku Tete. Za thabwa ndi tayala sindinanene. Anafunsa ngati akulankhula. Ndinati inde. Anati chipata chatsala pang'ono kutsekedwa, sangathe kuwoloka lero, koma mawa akhala woyamba pamzere.

"Achimwene, sindikukudziwani, koma chonde musawasiye okha. Alibe m'bale kumeneko."

"Musadandaule, mayi. Ndikhala nawo mpaka mufike."

Ndinanena ndi mtima wonse. Koma Maliko atamulowetsa m'chipinda cha opareshoni, namwino anati sitingatsale, tibwere mmawa. Zeferino anamusiyira nambala yake. Tinakagona ku Matema, pabwalo, chifukwa m'nyumba simunkakhalika ndi kutentha.

Mmawa ndinadzuka nthiti zikukana kupuma. A Kachingwe anali atavala kale, chipewa chitakhala chopendekeka pamwamba pa bandeji. Ndinati tidzere kaye kuchipatala. Zeferino anayang'ana wotchi. Bwalo lomwe Nang'omba inali ndi la kampani ina, lafumbi, kunja kwa mzinda mbali ya ku Changara, ndipo chipatala chinali mbali inayo.

"Mano, tikadzera kumeneko oito itipeza panjira. Tikangojambula tibwerera molunjika. Ola limodzi lokha."

Ndikanatha kuwauza kuti apite awiri. Ndikanatha kukwera njinga yamoto ndekha. Zeferino anandipatsa kamera yake yakale, yaing'ono koma yogwira bwino, ndipo itangokhala m'manja mwanga ndinavomera. Sanachite kundikakamiza.

Tinasiya phula n'kulowa msewu wa miyala pakati pa milambe ndi mbuzi. Tinaima pa chulu china kunja kwa waya. Ndipo inali apo.

Zithunzi zonse zomwe ndinaziwonapo zinandinamiza. Inali yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira, yotuwa, penti itasuluka, pamapiko pali zigamba ngati buluku la mlimi. Pansi pa injini panali dziwe la oyilo wakuda. Amuna atatu ovala maovolosi ankaizungulira. A Kachingwe anagwira waya ndi manja onse awiri. Zeferino anandinong'oneza kuti ali mwana ku Angonia, nkhondo isanawathamangitse, ndege imeneyi inatera pabwalo la mpira n'kunyamula mayi ake atawomberedwa mwendo. Anawo anaithamangira kumbuyo mpaka inasowa.

Tisanajambule zambiri, mlonda anatulukira ndi galu ndi chibonga. Anamenya waya pomwe panali zala za a Kachingwe, kenako anazungulira pageti n'kudzabaya Zeferino pachifuwa ndi chibongacho, akukuwa m'Chipwitikizi. Galu anandigwira mwendo wa buluku n'kuung'amba mpaka m'bondo. Mdala uja sanamuone n'komwe mlondayo. Diso lake linali kwa amakaniko, amene anali atazunguza pulopela kawiri kokha n'kuisiya.

"Iyayi! Onjezani!" anafuula, akuzunguza dzanja m'mwamba. "Oyilo akadali pansi! Muithyola!"

Mmodzi wa amakanikowo, waimvi ngati iwo, anacheuka. Anayang'ana bandeji, anayang'ana dzanja lozungulira lija, n'kuseka. Anaitana anzake kuti abwerere papulopela, kenako anakuwira mlonda kuti atisiye. Mlondayo anakoka galu wake akung'ung'udza.

Kuliza kwake kunayamba ndi kulira kosongoka, kokwera pang'onopang'ono ngati chigayo chikamayamba. Pulopela inatembenuka kamodzi, kawiri. Kenako phuu! Lawi la moto linatuluka m'paipi, ndipo ine ndinadzipeza ndagona chafufumimba pa chulu, manja kumutu. Thupi linkaganiza kuti tikadali ku Moatize. Nditadzuka, utsi woyera unali utakuta ndege yonse, m'kati mwake masilinda akudzuka limodzi limodzi, kutsokomola, kulavula, mpaka onse anagwirizana n'kukhala mkokomo umodzi wakuya womwe unkamveka m'nthiti zanga zothyokazo.

Inayamba kuyenda kulowera kumapeto kwa bwalo, ikugwedezeka ngati ngolo. Ndinali nditaika kamera kumaso pamene foni ya Zeferino inalira. Anatseka khutu linalo ndi chala, anamvetsera, anayankha mawu awiri. Kenako anandigwira paphewa.

"Mano, ndi namwino uja. Motorisita wa thiraki uja wapita. Nthawi ya sete." Anabweza foni m'thumba. "Akuti anatsitsimuka pang'ono. Anafunsa ngati munthu wa ku Lunzu wabwera."

Nthawi ya sete, seveni koloko, tinali tikudutsa pamphambano yopita kuchipatala.

Ndege inafika kumapeto n'kutembenuka kutiyang'ana. Woyendetsa anaikoka moto, fumbi n'kudzuka kumbuyo ngati khoma. Pamenepo foni yanga inanjenjemera m'thumba. Nambala imeneyo ankaidziwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali pambali panga. Dzanja lamanja linali ndi kamera. Ndinatulutsa foni ndi lamanzere.

"Achimwene, ndine amake Tadala. Ndawoloka, ndili m'galimoto, tanyamuka pa Zobwe. Agona bwanji?"

Nang'omba inathamanga kamtunda kochepa chabe, mchira unadzuka, matayala n'kusiya nthaka. Inabwera molunjika pa chulu chathu, pang'onopang'ono ngati singafike, n'kutidutsa pamutu pafupi moti ndinaona mizere ya oyilo pamimba pake ndi ulusi wa zigamba zija. Mphepo yake inachotsa chipewa cha a Kachingwe. Zeferino ankadina osalekeza. Ine kamera inali lende m'dzanja.

"Chikulira n'chiyani?" anafunsa mayiyo phokoso litachepa. "Muli kuti, achimwene? Simuli kuchipatala?"

"Ndatuluka pang'ono, mayi."

"Koma adya kanthu?"

Ndinayang'ana ndege ikupendekeka kulowera kummwera. A Kachingwe anali ataimabe pawaya, msozi ukutsika m'diso lamanja, milomo ikuyenda ngati akuwerenga masilinda.

"Mukafika pa Matundo musakwere china chilichonse," ndinatero. "Ndikuchingamirani pomwepo. Ndavala shati yoyera, mlomo wanga ndi wotupa."

Zeferino anakatula a Kachingwe ku Matema kuti akagone, n'kunditengera ku Matundo. Anafuna kudikira nane, ndinamuuza kuti apite kuchipatala akayambe za mapepala. Ndinakhala pa benchi ya wogulitsa madzi maola atatu. Shapa iliyonse yochokera ku Zobwe ikaima ndinkaimirira, n'kukhalanso. Ndinakonza mawu m'mutu kambirimbiri, onse n'kuwataya.

Mayi uja anatsika m'shapa yachisanu ndi chimodzi. Anali wamng'ono kuposa mawu ake, wovala chitenje cha mpingo, pamutu atasenza beseni lomangidwa m'nsalu, bulangete likuonekera pamwamba. M'manja anali ndi fulasiki. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anaona mlomo wanga, n'kubwera mofulumira. Anagwada pang'ono pondipatsa moni.

"Zikomo kwambiri, achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndawaphikira phala la mgaiwa, zakuchipatala sadya amenewo. Likadali lotentha. Tikwera iti?"

Ndinamutula beseni lija n'kuliika pansi. Kenako ndinamulandira fulasiki m'manja, kuti ingagwe.

"Mayi," ndinatero, "tiyeni tikhale kaye apa."